Malonjezo 70 a Jonathan Edwards: Titenge Onse Kapena Tisankhemo?

Sabata yaciwiri ya Disembala, titatha kuyeseza nyimbo za Krisimasi pa chalichi cathu kuno ku Nangongwe, mlongo wina wa m'gulu lathu anatulutsa mapepala atatu m'cikwama cake. Anati msuweni wake wa ku Lusaka ndiye anamutumizira pa WhatsApp, iye n'kupita kukawasindikiza ku tauni. Pamwamba panali dzina lakuti Jonathan Edwards, ndipo pansi pake panali mndandanda wa malonjezo 70 amene munthuyo anapanga pamaso pa Mulungu ali ndi zaka 19. Mlongoyo anawerenga 10 oyamba, akumasulira m'Cinyanja, ndipo m'cipinda monse munati zii. Kenaka mbale wina anaimirira nati, "Anzanga, ngati mnyamata wa zaka 19 analemba 70, ife tilepherenji? Aliyense abwere ndi 70 ake pa usiku wa 31." Ambiri anaomba m'manja.

Ine sindinaombe nao. Sikuti ndili ndi nzeru kuposa anzanga ai. Cifukwa cake n'cakuti m'Baibulo langa munali kapepala kanga ka caka catha, ka zolinga 7 zokha, ndipo ndinali kudziwa bwino kuti zimene ndinakwaniritsa sizinapitirire ziwiri. Ndinapempha mapepalawo kuti ndikawawerenge modekha kunyumba. Ndawawerenga kangapo, ndafufuzanso mbiri ya mwini wake, ndipo pano ndifuna kukuuzani zimene ndapezamo, zokoma ndi zowawa zomwe, tisanafike pa mapemphero ocezera usiku wa Caka Catsopano.

ANALEMBA NDANI, NANGA LITI?

Jonathan Edwards anabadwa mu Okutobala 1703 ku East Windsor, m'cigawo ca Connecticut ku America, dzikolo likali m'manja mwa Angerezi. Atate ake anali mbusa, ndipo agogo ake obala amai ake analinso mbusa. Analowa koleji ya Yale mu 1716 asanakwanitse zaka 13. Mu 1722 anapita ku New York kukatumikira kampingo kakang'ono ka Presbyterian kwa miyezi 8, ndipo m'nyengo imeneyo ndi pamene anayamba kulemba malonjezo amene m'Cingerezi adziwika ndi dzina lakuti Resolutions. Lomaliza analilemba mu Ogasiti 1723. Pambuyo pake anakhala mlaliki womveka kwambiri, makamaka cifukwa ca ulaliki wake wa mu 1741 ku Enfield wonena za mkwiyo wa Mulungu pa ocimwa. Anamwalira mu Marichi 1758, patangopita milungu yocepa atayamba kutsogolera koleji imene lero ndi yunivesite ya Princeton.

Pali zinthu ziwiri zimene mapepala oyenda pa foni satiuza. Coyamba, malonjezo awa sanalembedwe pa Caka Catsopano. Ndipotu m'masiku amenewo, ku England ndi ku maiko olamulidwa ndi Angerezi, caka ca boma cinali kuyamba pa 25 Marichi, kufikira pamene anasintha kalendala mu 1752. Caciwiri, Edwards sanakhale pansi usiku umodzi n'kulemba onse 70. Anali kuonjezera limodzi lero, awiri mwezi wamawa, malinga ndi pamene wapunthwa. Akakwiya, analemba za mkwiyo. Akadya mopitiriza, analemba za kudya. Conco wolemba 70 pa usiku wa 31 Disembala sakutsanzira Edwards. Iye akutsanzira nambala cabe.

ZIMENE NDAYAMIKIRA

Coyamba cimene ndayamikira ndi pamene wolembayo anayambira. Asanalembe lonjezo loyamba, anavomereza kuti sangathe kucita kanthu popanda thandizo la Mulungu, ndipo anapempha cisomo coti asunge malonjezowo pokhapo ngati agwirizana ndi cifuniro ca Mulunguyo. Mau amenewa agwirizana ndi ciphunzitso ca Ambuye ca mpesa ndi nthambi zake pa Yohane 15:5. Ambiri a ife timayamba ndi mphamvu zathu, n'kumukumbuka Mulungu pa mzere womaliza monga sitampa ya pa kalata.

Caciwiri ndi ici: pafupifupi lonjezo lililonse linena za cinthu cimene mwini wake angacite ndi manja ake, pakamwa pake kapena mtima wake. La 14 likana kubwezera coipa. La 15 likana kukwiyira ngakhale nyama ndi zinthu zopanda nzeru. La 20 linena za kudziletsa pa kudya ndi kumwa. La 46 likana kung'ung'udzira atate ndi amai, ngakhale mwa kusintha mau kapena kayang'anidwe ka diso. Taonani kucepa kwa zinthu zimenezi! Mnyamata wophunzira pa Yale akulimbana ndi mmene ayang'anira amai ake akamuuza zimene sakufuna.

Tsopano tiyeni tiike mapepala athu pambali pa ake. Caka catha tinalemba zolinga zathu, tinazikweza m'mwamba pa 12 koloko usiku, tinafuula ndi kulandira. Ine ndinaona mapepala ambiri cifukwa eni ake anandipempha kuti ndiwapempherere. Munali nchito ya boma, foni yatsopano, ukwati woyera, pulota, ulendo wa kunja. Zonsezi si zoipa, ndipo Atate wathu wa Kumwamba adziwa kuti tisowa zakudya ndi zovala. Koma taonani bwino: palibe ngakhale cimodzi mwa izi cimene cili m'manja mwa wolembayo. Amenewo ndi mapempho. Tawachula zolinga, koma kwenikweni ndi mndandanda wa zimene Mulungu ayenera kutigulira, monga uja umene amai amapatsa mwana pomutuma ku msika. Caka cikatha osalandira, wina amakwiyira Mulungu, wina amakaikira agogo ake a kumudzi, wina amasiya chalichi n'kupita kumene amva kuti mneneri wake ndi wamphamvu.

Caka ca 2024 cinayenera kutiphunzitsa kanthu pa nkhani imeneyi. Masukulu anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale, koma cifukwa ca kolera anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Mvula inadula cimanga cikali kumasula ngaiyaye, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi ngozi ya dziko lonse. Kenaka malaiti anayamba kuzima kupitirira theka la tsiku, ngakhale kwa ife amene tikhala pafupi ndi Kafue Gorge. Amene analemba kuti adzatsegula babashopu, amene anafuna kugulitsa maaisibuloko, amene anadalira munda wa makolo kuti alipire koleji, onse anaona mapepala ao akusanduka zinyalala popanda kulakwa kwao. Ndi cifukwa cake Yakobo 4:13-15 acenjeza amalonda amene akonza za caka cathunthu monga ngati mawa ali m'thumba mwao. Koma colinga ca kusabwezera coipa sicidikira mvula. Ca kulemekeza amai sicifuna malaiti. Pamenepa Edwards watiposa kutali.

Cacitatu cimene ndayamikira ndi kubwererako. Pamwamba pa mndandanda wake anadzikumbutsa kuti aziuwerenga kamodzi pa sabata. Lonjezo la 37 linena za kudzifufuza usiku uliwonse asanagone, ndiponso pa kutha kwa sabata, kwa mwezi ndi kwa caka. Ife timalemba pa 31 Disembala, n'kupinda kapepalako, n'kukaika pakati pa Malaki ndi Mateyu, ndipo timakapezanso Disembala winayo pofunafuna vesi lina. Munda umene mwini wake aupita kamodzi pa caka umadyedwa ndi udzu.

Cacinai, iye anakonzeratu za kugwa. Lonjezo lacitatu lenilenilo linena zimene adzacita akadzafooka n'kuleka kusunga malonjezo ena: adzalapa akadzatsitsimuka, n'kupitiriza. La 56 likana kuleka nkhondo yolimbana ndi zoipa za mumtima ngakhale agonje kangati. Ndidziwa acinyamata ambiri amene analonjeza kuleka kubecha pa mpira, nagwa pa sabata yacitatu ya Januwale, n'kunena kuti basi caka cino caonongeka, tidzayesanso ca mawa. Miyezi 11 yonse amaipereka kwa mdani cifukwa ca Ciwelu cimodzi. Miyambo 24:16 itikumbutsa kuti wolungama amadziwika ndi kudzukanso kwake.

ZIMENE SINDINAGWIRIZANE NAZO

Ndikadalekera pamenepa, mukadati tiyeni tikopere onse 70. Koma pali zinthu zinai zimene zandivuta, ndipo comaliza n'cacikulu.

Coyamba, katunduyu ndi wolemera kwambiri, ndipo cimwemwe cilimo cocepa. Lonjezo la 10 liti akamva kuwawa m'thupi aziganizira mazunzo a ofera cikhulupiriro ndi a ku gehena. La 38 liletsa kulankhula ciliconse coseketsa pa tsiku la Ambuye. Ndiyesa kuganizira gulu lathu pa Sondo masana, tikudyera pamodzi zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango, popanda woseka ngakhale mmodzi. Kodi cimeneco ndi ciyero? Yesu anapita ku ukwati wa ku Kana, ananyamula ana m'manja, ndipo anati goli lake ndi lofewa. Mndandanda uwu umakumbukira imfa ndi ciweruzo kawirikawiri, koma sukumbukira kwenikweni kuti Mkristu ndi mwana m'nyumba ya Atate wake.

Caciwiri, mwini wake yemwe anaona kuti njirayi ili ndi msampha. M'buku lake la zocitika za tsiku ndi tsiku, pa 2 Januwale 1723, analemba kuti mtima wake unali wozizira, ndi kuti anaona yekha kuti malonjezo onse ndi acabe ngati Mzimu wa Mulungu sagwira nchito mwa munthu. Atakula, pofotokoza za moyo wake wauzimu, anavomereza kuti pa unyamata wake anafunafuna ciyero modalira kwambiri mphamvu zake, ndi kuti zimenezo zinamupweteka pambuyo pake. Amene amatumiza malonjezo 70 pa foni satumizako kuvomereza kumeneku. Akutipatsa mankhwala atacotsa pepala lonena za kuopsa kwake. Mlaliki 5:4-5 anena poyera kuti kusawinda kuli bwino kuposa kuwinda osakwaniritsa.

Cacitatu, malonjezo awa analembedwa ndi munthu amene sanagonepo ndi njala. Anali mwana wa mbusa, wophunzira, wokhala ndi nchito yomudikira. Simupezamo mau onena za kusowa nchito, za nkhongole ya kaloba, kapena za lendi. Lonjezo la 5, lokana kutaya ngakhale kamphindi kamodzi, ndi labwino kwa munthu wokhala ndi mabuku ndi nchito yoti agwire. Nanga kwa mnyamata wa ku Zambia Compound kapena ku Shikoswe amene anatsiriza Giledi 12 zaka zitatu zapitazo, wayenda ndi envulopu ya makalata mpaka nsapato kutha? Makolo athu ambiri anabwera ku Kafue m'zaka za m'ma 1970 cifukwa Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles zinali kulemba anthu ambirimbiri. Ife tinabadwa nchito zotere zitacepa. Munthu wotere ukamupatsa lamulo lakuti mphindi iliyonse ibale phindu, umamuonjezera manyazi pa njala. Ndipo tisaiwale kuti Mulungu yemweyo analamula kupumula. Asodzi a pa mtsinje wathu adziwa kuti kuyambira 1 Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale boma limaletsa kupha nsomba kuti ziswane. Miyezi imeneyo si yotayika. Ndiyo imadzaza maukonde a mu Marichi.

Cacinai ndi cimene cinandisowetsa tulo. Mu Juni 1731, patapita zaka pafupifupi 8 cilembereni lonjezo lake lomaliza, Edwards anapita ku Newport, ku Rhode Island, nagula mtsikana wa ku Africa wa zaka pafupifupi 14 pa mtengo wa mapaundi 80. Dzina limene linalembedwa pa lisiti ndi Venus. Anakhala ndi akapolo m'nyumba mwake kufikira imfa yake, ndipo mu 1741 analemba zoikira kumbuyo mbusa mnzake amene anthu anamudzudzula cifukwa cosunga kapolo, ngakhale kuti anatsutsa malonda okagwira anthu ku Africa. Munthu amene analonjeza kusakwiyira ngakhale nyama, amene pa lonjezo la 13 anati azifunafuna anthu oyenera kuwacitira cifundo, amene pa la 70 anafuna kuti mau ake onse akhale ndi kukoma mtima, anawerenga ndalama nagula mwana wa munthu.

Ena adzati inali nthawi yao, tisamuweruze. Ine sindikumuweruza za cipulumutso cake, pakuti zimenezo n'za Mulungu. Ndikuweruza mndandanda. Ngati munthu angawerenge malonjezo 70 sabata iliyonse, nadzifufuza usiku uliwonse, koma osaona mtsikana amene akumuphikira, ndiye kuti njirayo ili ndi bowo. Bowo lake ndi ili: wodzifufuza yekha amayang'ana kumene maso ake anazolowera kale. Mndandanda wonse ndi nkhani ya ine ndi mtima wanga. Mulibe munthu wina wopatsidwa ufulu wofunsa kuti, "Mbale, nanga ici?" Diso silidziona lokha. Cocititsa cidwi n'cakuti mwana wake, Jonathan Edwards wamng'ono, ndiye anadzalalikira poyera motsutsa ukapolo mu 1791.

NJIRA INA YOBADWA CAKA COMWECO

M'caka comweco ca 1703, ku England kunabadwa John Wesley, amene anayambitsa gulu la Methodist. Ife a ku Kafue dzina limeneli si lacilendo. Amishoni a Methodist ndiwo anatsegula Kafue Training Institute mu 1918, sukulu imene Harry Mwaanga Nkumbula anaphunzirapo, imene lero ndi Kafue Boys Secondary School, ndipo mpingo wao unalowa mu United Church of Zambia mu 1965. Ndikuchula Wesley pano cifukwa anasiya zinthu ziwiri zimene zitseka bowo lija.

Coyamba ndi mapemphero a pangano. Mu Ogasiti 1755, ku Spitalfields mu mzinda wa London, anasonkhanitsa anthu ake kuti akonzenso pangano lao ndi Mulungu onse pamodzi, ndipo m'kupita kwa nthawi mwambowu unasamukira ku ciyambi ca caka, mmene mipingo yambiri ya Methodist icitira kufikira lero. Mtima wa pemphero lake ndi wakuti munthu adzipereka yense kwa Mulungu, navomera kuikidwa pamene Mulunguyo afuna, kaya pa nchito kapena pambali, kaya ndi zambiri kapena wopanda kanthu. Yerekezani ndi usiku wathu wa crossover. Ife timauza Mulungu kumene ayenera kutiika. Iwo amamuuza kuti ali okonzeka kuikidwa. Kwa wosowa nchito pempheroli ndi lowawa, komanso ndi lomasula, cifukwa limuuza kuti caka cokhala pambali cikhoza kukhalanso caka ca Mulungu.

Caciwiri ndi timagulu ting'onoting'ono. Mu 1742 ku Bristol, a Methodist anali ndi nkhongole ya nyumba yao yopemphereramo. Anagwirizana kugawa anthu m'magulu a anthu pafupifupi 12, aliyense azipereka kobiri limodzi pa sabata, ndipo mtsogoleri azisonkhetsa. Poyendera anthu ake, atsogoleriwo anayamba kuona mmene aliyense akhalira: uyu amamwa, uyu amamenya mkazi, uyu akudwala osauza munthu. Posacedwa timaguluto tinasanduka misonkhano ya sabata ndi sabata yofunsana za moyo wauzimu. Cinayamba ngati cilimba, cinatha ngati sukulu ya ciyero. Ndipo ngakhale Wesley mwini wake sanatsegule maso yekha pa nkhani ya ukapolo. Mu 1772 anawerenga zolemba za Anthony Benezet, Mkristu wa gulu la Quaker, ndipo mu 1774 anatulutsa kabuku kake kotsutsa ukapolo. Panafunika munthu wina womuloza. Mutu umodzi susenza denga.

NDIYE TICITENJI?

Ciweruzo canga ndi ici. Malonjezo a Edwards ndi oyenera kuwerengedwa ndi wacinyamata aliyense, cifukwa amaticititsa manyazi abwino. Amationetsa munthu wa msinkhu wathu amene anatenga moyo wake monga cinthu coyankhirapo pamaso pa Mulungu. Koma si oyenera kukoperedwa. Titengemo kudzicepetsa kwa pa ciyambi, kusankha zinthu zili m'manja mwathu, kubwererako sabata iliyonse, ndi kudzuka tikagwa. Tisiye nambala, tisiye nkhope yacisoni, ndipo koposa zonse tisiye kuyenda tokha.

Ndapempha gulu lathu kuti caka cino tigawe pepala pawiri. Kumanzere tilembe mapempho. Kumeneko lembani nchito, ukwati, macilitso, ciliconse cimene mtima ufuna, ndipo musacite manyazi, pakuti Afilipi 4:6 atilola kuuza Mulungu zosowa zathu zonse. Kumanja tilembe zolinga, zosapitirira zitatu, ndipo ciliconse ciyankhe mafunso awa: ndidzacita ciani, tsiku liti, ndipo adzandifunsa ndani?

Ambuye pa Luka 14:28-30 ananena za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake. Kuwerengera ndi nchito yauzimu. Ngati kumanzere walemba kuti ufuna kulowa koleji ya unamwino koma masamu sanayende bwino pa Giledi 12, kumanja ulembe kuti udzalembetsa mayeso a GCE, udzasunga ndalama zakuti pa sabata kucokera pa maganyu, ndipo udzawerenga ola limodzi m'mawa uliwonse ndi mnzako wakuti. Ngati ufuna luso la manja, lemba tsiku limene udzapita kukafunsa za mabasale a CDF ku komiti ya citukuko ya wadi yako, popeza kuyambira 2022 thumba limenelo limalipirirako maphunziro a luso. Ngati ufuna kudziwa Malemba, usalembe kuti udzamaliza Baibulo lonse pofika Isitala. Yamba ndi Marko. Ali ndi mitu 16 yokha, ndipo ukawerenga mutu umodzi pa tsiku udzamaliza Januwale akali pakati. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Pa zolinga zitatuzo, cimodzi cikhale ca munthu wina, ndipo cimeneco usasankhe wekha. Funsa mnzako wokudziwa bwino, kapena mlangizi wa gulu, kuti, "Kodi ndani amene ine sindimuona?" Konzekera kumva yankho losakoma.

Ine ndinafunsa, ndipo ndinayankhidwa. Kunyumba kwathu tikhala ndi msuweni wanga wamng'ono amene anabwera kucokera kumudzi kudzathandiza amai. Ndiye amadzuka coyamba kukoleza mbaula, ndiye amatunga madzi, ndipo malaya oyera amene ndimavala poimirira kutsogolo kwa gulu pa Sondo amawacapa ndi iye. Analekera sukulu Giledi 7. Kuyambira Januwale 2022 m'masukulu a boma salipiritsa, koma palibe m'nyumba mwathu amene anaganiza zomubwezera ku sukulu, cifukwa akapita nchito idzagwira ndani? Pa zolinga zanga 7 za caka catha panali kusala kudya, panali kuwerenga mabuku, panali ngakhale kugula suti. Dzina lake panalibe. Ndinawerenga nkhani ya Venus ndikupukusa mutu, osadziwa kuti mlongo wina wa m'gulu lathu anali kundipukusira mutu ine kwa zaka ziwiri. Sindikunena kuti zinthu ziwirizi n'zofanana, pakuti msuweni wanga sanagulidwe, ndipo timamukonda. Koma khungu lake ndi lomwelo. Ndalankhula ndi amai, tagwirizana za yunifomu ndi mabuku, ndipo kucapa ndi kutunga madzi a m'mawa kwagwera ine. Ndico colinga canga coyamba ca caka cino, ndipo mlongo amene anandidzudzulayo ndiye adzandifunsa pa Sondo yoyamba ya mwezi uliwonse.

Abale ndi alongo, pa usiku wa 31 tidzaimba, tidzavina, tidzathokoza Mulungu amene watisunga. Zimenezo n'zoyenera. Koma koloko ikamenya 12 sikusintha munthu. Pa 1 Januwale udzadzuka ndi mtima womwewo, m'nyumba yomweyo, ndi anthu omwewo okuzungulira. Miyambo 16:9 itiphunzitsa kuti munthu amakonza njira yake mumtima, koma woyendetsa mapazi ake ndi Yehova. Tikonze tsono, modzicepetsa, zinthu zocepa, tili awiriawiri.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Tengani pepala lanu la caka catha. Ndi zingati zimene zinali mapempho, ndipo ndi zingati zimene zinali zolinga zoti inu mucite?

2. Werengani Yakobo 4:13-17 pamodzi ndi Luka 14:28-30. Kodi malemba awiriwa atsutsana? Fotokozani.

3. Kodi mungathe kupemphera moona mtima kuti Mulungu akuikeni pamene afuna, ngakhale pambali? Cikukuvutani n'ciani?

4. M'nyumba mwanu, m'kalasi mwanu kapena m'gulu lanu, ndani amene amakutumikirani koma dzina lake silinalowepo m'mapemphero anu?

5. Ndani amene mudzamupatsa ufulu wokufunsani mwezi uliwonse? Muuzeni lero musanabalalike.